Tsiku Limene Ndinaletsa Amai Daka Kupemphera

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha msana wa amalume. Ndinali nditamaliza maphunziro ojambula m'thupi mwa odwala, satifiketi ili phee m'sutikesi pansi pa bedi, ine ndikungokolopa nyumba ya amayi ku Chelstone, mu Lusaka. Makalata ofunsira ntchito ndinatumiza mpaka ndinatopa. Anthu a kutchalitchi anafika posiya kundifunsa za ntchito, ndipo kusafunsako kunkandipweteka kuposa kufunsa. Ndiye amalume atabwera kuchokera ku Katete akuyenda chowerama, amayi anati poti ine palibe chimene ndikuchita, ndiwaperekeze kuchipatala.

Tinapita pa chipatala china chaching'ono ku Woodlands chimene chili ndi makina a MRI. Amalume atangoona dzenje la makinawo anabwerera m'mbuyo, nati iwo salowa m'bokosi asanafe. Wojambula wa pamenepo, bambo wamtali wolankhula mothamanga dzina lake Ba Chanda, anawanyengerera m'Chibemba, nawanyengereranso m'Chizungu, koma amalume anakana kwamtuwagalu. Ine ndinawafotokozera m'chilankhulo cha kumudzi, ndinawavula lamba, ndinatulutsa makiyi ndi makobidi m'matumba mwawo ndisanauzidwe, ndipo atagona ndinawaikira pilo pansi pa mawondo. Ba Chanda anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe mwaiche, unaphunzila kuti ivi?" anandifunsa, akunditcha mwana m'Chibemba chawo. Nditawauza, n'kuwauzanso kuti dzina langa ndi Tisa, anati, "Bwela pa Mande. Nikuyese."

Kukoleji makina a MRI tinkawaona kwambiri m'mabuku. Ku Woodlands ndinadziwa kuti pepala ndi ntchito ndi zinthu ziwiri. Mutu, bondo ndi msana ndinazizolowera msanga, chifukwa zimenezi ukauza munthu kuti asagwedezeke zimakhala malo amodzi. Chimene chinkandisowetsa tulo ndi chiwindi. Chiwindi chili pansi pa mapapo, ndiye munthu akamapuma chimakwera ndi kutsika. Mbali yake ya kumanzere ili pansi penipeni pa mtima, ndipo mtima suuzidwa kuti ima kaye.

Pojambula chiwindi timayala pamimba chipangizo chonga kachofunda kolimba, dzina lake koyilo, chimene chimamva zimene thupi likutumiza. Pansi pa koyiloyo timamanga lamba wofewa wokhala ndi mpweya m'kati. Mimba ikatukuka, lambayo amajambula mzere wokwera pa sikirini yanga, ikaphwa mzere umatsika. Makina amadikira mzerewo ufike pansi, pamene chiwindi chaima kaye pang'ono, ndipo amajambula pomwepo.

Mwa zithunzi zonse za chiwindi, zimene Ba Chanda ankazisamala ngati mazira ndi za difyuzhoni. Njira imeneyi imayang'ana mmene madzi akuyendera pakati pa maselo a thupi. M'chiwindi chabwino madzi amayenda momasuka. M'chotupa cha khansa maselo amathithikana ngati anthu m'minibasi ya ku Chelstone madzulo, madzi nasowa podutsa. Timajambula malo omwewo kawiri, koyamba mopepuka pa muyeso wotchedwa b ya 50, kachiwiri molemera pa b ya 800. Pa yolemerayo chiwindi chabwino chimada, koma chotupa chimatsala chikuwala. Kenako kompyuta imapanga mapu otchedwa ADC, ndipo pamenepo chotupa chenicheni chimaoneka chakuda. Zikagwirizana choncho, adokotala amadziwa kuti pali kanthu.

Vuto lake ndi lakuti njira yomva kuyenda kwa madzi imamva kuyenda kwa chilichonse. Munthu akapuma mosalongosoka, chithunzi chimachita chifunga. Mtima ukagunda pa nthawi yolakwika, mbali ya kumanzere imangoda bii ngati palibe chiwindi. Mpweya wa m'mimba nawo umapotoza m'mphepete, n'chifukwa chake timauza odwala abwere asanadye. Ba Chanda anali ndi mawu awo amene ankandibwerezera mpaka ndinkawamva kutulo: "Mashini iyi sinama, koma ungainamize. Chithunzi cha fumbi sichikamba ati kulibe matenda. Chikamba ati iwe sunaone."

Tsiku langa lovuta linafika ndisanathe n'komwe miyezi yoyesedwa. Ba Chanda anapita kukaika maliro a achibale awo ku Kaunda Square, nandisiya ndekha kwa nthawi yoyamba. Anandiuza kuti odwala a tsikulo ndi osavuta, kupatula mmodzi wa masana.

Ameneyo anali Amai Daka a ku Kabwata. Anali ndi chotupa m'matumbo, ndipo opaleshoni yawo inali m'mawa mwake. Pa chithunzi china chimene anajambulidwa kale, adokotala anaona kamthunzi kakang'ono kumanzere kwa chiwindi, kochepa kwambiri moti sanathe kudziwa kuti ndi chiyani. Ngati kanali khansa yofalikira, anafuna kukadula nthawi imodzi ndi matumbowo. Ngati sikanali kanthu, chiwindi sakanachikhudza. Impso za amaiwo zinali zofooka, choncho mankhwala owalitsa zithunzi amene timabaya m'mitsempha analetsedwa. Zonse zinatsalira pa difyuzhoni, ndipo difyuzhoniyo inatsalira pa ine.

Anabwera ndi mwana wawo wamkazi, Natasha, amene amagwira ntchito kubanki m'tauni, ndi azimayi ena a kutchalitchi kwawo. Azimayiwo anakhala pa mipando yodikirira atagwirana manja. Ndinamva kuti Amai Daka ndiwo mtsogoleri wa gulu lopempherera odwala kumpingo wawo wa Chipentekoste, mayi amene anthu amamuimbira foni mwana akakomoka. Pa nkhani yosadya sanandivutitse, anati iwo anayamba kale kusala kudya ine ndisanawapemphe. Pamene ndinkawamanga lamba pamimba anandigwira dzanja.

"Osayopa, mwana wanga," anatero. "Manja yako yanjenjemela kuchila yanga."

Ndinaseka, koma sananame. Ndinawayalira koyilo pamimba, ndinawaveka mahedifoni otchinga phokoso, ndinawapatsa kampira kofinya akafuna thandizo, ndipo ndinawalowetsa m'makina. Zithunzi zoyamba zinatuluka zapakatikati. Ndinadziuza kuti ndi mantha a poyambira, akhazikika.

Nditayamba difyuzhoni, mzere wa mpweya pa sikirini unayamba misala. M'malo mwa timapiri tofanana, unkakwera pang'ono, kudumpha, kuima, kutsika theka, kukweranso. Makina ankadikira mzere utsike bwino, osatsika. Akajambula, ankajambula pa nthawi yolakwika. Zithunzi zinabwera zoipa. M'mphepete mwa chiwindi munali chifunga, ndipo kumanzere, kumene kunali kamthunzi kaja, kunangoda.

Ndinayang'ana pa kamera ya m'kati ndipo ndinaona milomo yawo ikugwedera. Ndinakweza sipika. Pakati pa kugogoda kwa makina ndinamva mawu awo, otsika koma othamanga: "Ambuye, chisaoneke. Chisapezeke. Mu dzina la Yesu, chisaoneke." Ankapemphera osalekeza, akumakoka mpweya pang'ono pang'ono pakati pa mawu, ndipo mawu aliwonse ankakankha chiwindi.

Ndinalankhula pa maiki mwaulemu wonse kuti, "Ba mami, pemani bwino bwino, pang'ono pang'ono." Anayankha kuti, "Eya, mwana wanga," napitiriza kupemphera.

Ndinayesa njira yachiwiri, yosadikira lamba, imene makina amajambula malo amodzi kambirimbiri n'kuphatikiza zithunzizo. Imathandiza munthu akamapuma mofatsa. Kwa iwo inangopaka chifunga ponseponse. Ndinayesa yachitatu, yogwira mpweya. Ndinati, "Pemani, tulutsani, gwilani." Anagwira kanthawi, kenako dzina la Yesu linawatuluka lokha. Zithunzi za njira imeneyi zimakhala kale za mchengamchenga, ndipo kanthu kakang'ono kamatha kubisala m'menemo ngakhale munthu atagwira mpweya bwino.

Wodwala wotsatira anali atafika kale. Adokotala owerenga zithunzi ankabwera madzulo omwewo, ndipo a opaleshoni ankadikira yankho lawo. Natasha anagogoda, nasuzumira pachitseko. "Sisi, vili bwanji? Mwachedwa." Ndinamuuza kuti tatsala pang'ono, ndipo ndinatseka chitseko msanga asanaone nkhope yanga.

Ndinakhala ndikuyang'ana zithunzi zija. Palibe chotupa chinkaoneka. Ndinadziwa mmene zikanayendera ndikanazitumiza. Adokotala akanalemba kuti sanaone kanthu koma zithunzi sizinali zabwino. Banja likanamva theka loyamba lokha, azimayi aja akanaimba nyimbo pabwalo la magalimoto, ndipo m'mawa mwake amai akanatsegulidwa pamimba popanda wodziwa ngati chiwindi chili ndi mlendo. Ndinaopa kwambiri, chifukwa njira yophweka imeneyo ndi imene ikanasangalatsa aliyense tsiku limenelo.

Ndinaimbira Ba Chanda. Kumbuyo kwawo kunkamveka nyimbo za kumanda. Nditawafotokozera, ananong'ona kuti, "Bauze baleke kupempela."

"Ine? Niuze mai mukulu aleke kupempela?"

"Tisa, ngati uyopa, mailo bazamusegula na chithunzi cha boza. Nili pa manda." Anadula foni. Mailo ndiye mawa, tsiku la opaleshoni.

Amene sanakulire kuno angaone ngati ndi nkhani yaing'ono. Ine ndinakulira m'banja la ku Reformed, kumene timapemphera titatseka maso, mwakachetechete, ndipo wamkulu akamalankhula ndi Mulungu mwana sutsokomola n'komwe. Komanso ndimadziwa Lusaka wanga. Mtsikana wa pa chipatala cholipira akaletsa wodwala kutchula dzina la Yesu m'kati mwa makina olira ngati aja, nkhaniyo imafika ku Kabwata iye asanakwere basi, ndipo ikafika imakhala ya usatana. Ndinaona ntchito yanga ikutha isanayambe. Koma chiwindi chija sichinali changa.

Ndinalowa m'chipinda cha makina, ndinatulutsa bedi, ndinawavula mahedifoni. Kulankhula ndi mayi ngati ameneyu uli chiimire iye atagona si ulemu, choncho ndinagwada pambali pawo.

"Ba mami, pepani maningi. Nipempako chintu chimodzi. Mukakamba, chiwindi chiyenda, ndiye siniona bwino. Nipempa mukhaleko zii pang'ono chabe."

Anatembenuza mutu, nandiyang'ana. Maso aja achifundo anasintha. "Ba pasita bananiuza ati nisavale pakamwa mpaka nichokemo. Ukakhala zii, mudani alowa. Manje iwe ufuna nileke?"

Ndinatenga dzanja lawo, ndinaliika pamimba pawo pansi pa nthiti, ndipo ndinawapempha atchule mawu amodzi kuti amve okha mmene mimba ikudumphira. Anatchula, anamva, koma sanagonje.

"Waona chintu?" anandifunsa.

"Sininaone, mami."

"Ndiye Mulungu ayankha. Sichioneka chifukwa kulibe."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa ndi omwewo ndinkalimbana nawo ndekha kuchipinda kuja. Ndinati, "Mami, sichioneka chifukwa ine siniona. Ngati kulibe, nifuna nione bwino kuti kulibe. Koma ngati chilipo, mailo ba dokota bangachisiye mukati, basoke. Chizakula mweka simudziwa."

Pampu ya makina yokha ndiyo inkamveka, kugunda kwake kosatha. Kenako misozi inatsika m'mbali mwa maso awo mpaka m'makutu, ndipo mayi amene amalimbitsa Kabwata yense analankhula ngati mwana. "Niyopa. Muja mukati muli monga mu manda. Nikaleka kupempela nizakuwa."

Pamenepo ndinamvetsa kuti sitinkakangana za chikhulupiriro. Pemphero ndilo linkawagwira kuti asafuule, ndipo ine ndinkafuna kuwalanda popanda kuwapatsa china chogwira. Ndinaganiza za azimayi aja panja, ndi za mahedifoni amene ndinali nawo m'manja.

"Mami, imwe mumapempelela bantu bamene sibangakambe, si so? Bodwala maningi. Pempelo yabo imapita?"

"Imapita."

"Lelo lekani benangu bakunyamuleni. Natasha azapempela, imwe muzamvela mu matu. Pempelo sizaleka. Imwe nchito yanu ni kupema chabe."

Anatseka maso. Patapita kanthawi anagwedeza mutu kuvomera.

Lamulo lathu limaletsa achibale kulowa m'chipinda cha makompyuta, ndipo ndinalidziwa bwino. Ndinamulowetsa Natasha, ndinamukhazika chofulatira sikirini kuti asaone zithunzi, ndinamupatsa maiki imene timalankhulira ndi odwala. Ndinamuuza apemphere mofatsa, asakweze mawu, ndipo asanene chilichonse chofuna kuti amayi ake ayankhe ameni. Anandiyang'ana ndi mantha. "Ine sinidziwa kupempela monga ba mami," anatero. Ndinamuuza kuti ndi chimene ndikufuna.

Ndinayambitsanso difyuzhoni yodikira lamba. Natasha anayamba mwachibwibwi, akubwereza mawu a amayi ake, kuti chisaoneke, chisapezeke. Mzere pa sikirini unali kunjenjemerabe. Kenako anaima. Anali atamva zimene ndinanena m'chipinda muja, chifukwa sipika ndinaisiya yotsegula iye ataima kuseri kwa chitseko cha chipinda cha makompyuta. Anandiyang'ana, nayandikiza pakamwa pa maiki.

"Ambuye," anatero, "ngati chilipo, chioneke. Chisabisale mu thupi ya ba mami. Chioneke lelo, ba dokota bachipeze."

Mzere unadumpha kamodzi, pamwamba kwambiri, ndipo ndinaika dzanja pa batani loimitsira, ndikudikira kuti kampira kaja kalire. Sikanalire. Mzerewo unatsika pang'onopang'ono mpaka pansi, unakwera, unatsikanso chimodzimodzi. Timapiri tinayamba kufanana. Makina anagwira kayendedwe kake, akugogoda nthawi iliyonse mpweya ukatuluka, Natasha akupemphera chapansipansi kumbuyo kwanga. Ine ndinaiwala kupuma.

Zithunzi zinabwera zoyera bwino. M'mphepete mwa chiwindi munali mowongoka, mitsempha ikuoneka, mbali ya kumanzere yonse ili pamalo pake. Ndinasangalala kwambiri moti ndikanavina. Ndinatsika nazo chimodzichimodzi pa b ya 800, chiwindi chili chakuda monga chiyenera, ndipo kunsonga ya kumanzere ndinakapeza kamthunzi kaja kakuwala, kakang'ono ngati njere ya nyemba. Ndinatsegula mapu a ADC. Pamalo omwewo panali pakuda. Chisangalalo chija chinathera pomwepo, chifukwa chithunzi chabwino kuposa zonse zimene ndinajambulapo chinali kunena zimene mayi uja anasala kudya kuti asamve.

Ife ojambula sitinena zotsatira, imeneyo ndi ntchito ya adokotala. Nditawatulutsa, ndikuwamasula lamba, anandifunsa kuti ndaona chiyani. Ndinati adokotala adzawauza. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe sudziwa kubisa," anatero. Anandisisita tsaya, nadzuka okha, napita kwa anzawo panja. Azimayi aja sanaimbe nyimbo tsiku limenelo.

Adokotala anawerenga zithunzizo madzulo omwewo, naimbira anzawo a opaleshoni. M'mawa mwake anachotsa chotupa cha m'matumbo pamodzi ndi kansonga ka chiwindi kaja. Ba Chanda atabwera anayang'ana zithunzi zachifunga, nayang'ana zoyera, nafunsa kuti chinasintha n'chiyani. Nditawauza anandikalipira za lamulo lija, nati tsiku lina ndiyambe ndawafunsa. Koma kuyambira pamenepo anasiya kunditcha mwaiche, nayamba kunditcha ba dikoni, ndipo miyezi yoyesedwa itatha palibe anandiuza kuti ndibwerere ku Chelstone.

Zimene ndinasunga pa tsiku limenelo ndi ziwiri. Chithunzi cha chifunga sindichitumiza ngati yankho, ngakhale panja padzaze anthu. Ndipo ndisanamange lamba pamimba pa munthu aliyense ndimamufunsa kuti akachita mantha amatani. Ena amaimba chamumtima, ena amameza malovu, ena amakoka mpweya wambiri, ambiri amapemphera. Ndi bwino kudziwa munthu asanalowe, kuti tigwirizane kuti m'katimo agwira chiyani.

Amai Daka anabweranso patapita miyezi kuti tione ngati matenda abwerera. Anali ataonda, tsitsi litathothoka ndi mankhwala, atamanga duku. Anabwera okha. Pomanga lamba ndinaona chipsera chachitali pansi pa nthiti, ndipo ndinasuntha lambayo pang'ono kuti asawapweteke. Ndinawafunsa ngati tiimbire Natasha foni kuti apemphere pa maiki.

"Ali ku nchito, musiye. Lelo nizakhala zii neka." Ndikuwaveka mahedifoni anandigwira padzanja mwamphamvu. "Koma iwe, yang'anisisa. Ngati chabwela, usachileke chibisale."

Ndinawalowetsa, ndinatseka chitseko cholemera chija, ndinakhala pa mpando wanga. Mzere wa mpweya unayenda mofanana kuyambira pachiyambi, kukwera ndi kutsika, osadumpha ngakhale kamodzi. Pa kamera milomo yawo inali yotseka. Pamene zithunzi zinayamba kubwera chimodzichimodzi, ndinazindikira kuti milomo imene inkagwedera inali yanga.